Magemu a sitima za pansi pa madzi: muyambire iti, nanga ma mod muwaike bwanji?

Lero tikamba za magemu a pa kompyuta, koma aja a mpira ndi owomberana tawaika kaye pambali. Tikamba za magemu oyendetsa sitima zankhondo za pansi pa madzi, zija azungu amati submarine. Mafunso ake ndi awiri. Munthu amene sanasewerepo ayambire gemu iti? Nanga ma mod amene anthu amangowatchula aja ndi chiyani, ndipo amaikidwa bwanji osaononga gemu?

Ndasankha nkhaniyi chifukwa kuno ndalama timazipeza movutikira, ndipo nthawi yopuma ndi yochepa kuposa ndalamazo. Munthu akhoza kugula gemu yosamuyenera, n'kutha Loweruka lonse akulimbana ndi mafayilo, pofika usiku gemu ikukana kutseguka. Ambiri amasiyira pomwepo n'kumati magemu amenewa ndi otopetsa, pamene vuto linali poyambira chabe. Ndiye tiyeni tikonze poyambirapo.

Choyamba mudziwe kuti magemu amenewa ndi oyenda pang'onopang'ono. Sitima ya ku Germany ya mtundu wa Type VII, imene inagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, inkayenda pafupifupi ma knot 17 pamwamba pa madzi ndi mainjini a dizilo. Ikamira inkadalira mabatire, liwiro lake n'kutsika kufika pa ma knot 7 kapena kuposera pang'ono, ndipo ukaithamangitsa choncho mabatire ankatha posachedwa. Choncho nthawi yambiri inkakhala pamwamba, imamira pokhapokha ikafuna kubisala kapena kuukira masana. Inkanyamula ma torpedo 14 ndi anthu pakati pa 44 ndi 52, opanikizana ngati mu minibasi ya madzulo. Mu gemu, zimenezi zikutanthauza kuti mukhoza kuyenda masiku ambiri osaona kanthu koma madzi. Pali batani lofulumizitsa nthawi, inde, komabe mtima wa gemu ndi kusaka, kudikira, kuwerengera, kenako mphindi zochepa zimene thukuta limatuluka m'manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mwambi umenewu umakukwiyitsani, sungani ndalama zanu.

Musanagule chilichonse, dzifunseni zinthu zitatu. Mukufuna nkhondo ya nthawi iti, ya m'ma 1940 kapena ya masiku a sitima za nyukiliya? Chimakusangalatsani n'chiyani, masamu ndi mapu, kuyang'anira anthu, kapena kusewera ndi anzanu? Ndipo kompyuta yanu ndi yamphamvu bwanji? Mayankho atatu amenewa ndi amene akusankhireni gemu. Tsopano tiyeni tiwaone amodziamodzi.

Tiyambe ndi gogo wa onse, Silent Hunter III. Inatuluka mu 2005, yopangidwa ndi nthambi ya Ubisoft ya ku Romania. Mumakhala kaputeni wa U-boat ya Germany pa nyanja ya Atlantic kuyambira 1939 mpaka 1945. Chimene chimaisunga mpaka lero ndi choti nkhondo yake siyolembedweratu ngati filimu. Amakupatsani dera loti mukalondere, mumanyamuka padoko, ndipo zimene mukakumane nazo zimasintha ulendo uliwonse. Imatseguka ngakhale pa laputopu yakale yopanda graphics card yapadera, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Vuto lake ndi ukalamba. Inapangidwira ma screen akale aja a 1024 kwa 768, ndiye pa screen yamakono chithunzi chimatambasuka mpaka mutaikonza.

Yotsatira ndi Silent Hunter 4: Wolves of the Pacific ya mu 2007. Iyi mumayendetsa sitima za America polimbana ndi Japan pa nyanja ya Pacific. Imaoneka bwino kuposa yachitatu ndipo sivuta pa screen yamakono. Mukamagula onetsetsani kuti mwatenga pamodzi ndi chowonjezera chake chotchedwa U-Boat Missions cha mu 2008, chifukwa ndi chimene chimaifikitsa pa version 1.5, ndipo ma mod akuluakulu ambiri amafuna version imeneyo. Mu gemu iyi mukumana ndi mbiri yeniyeni yowawa: torpedo ya America ya Mark 14 kumayambiriro kwa nkhondo inkayenda mozama kuposa mmene aitchera, nthawi zina inkaphulika isanafike, nthawi zina inkagunda sitima osaphulika. Zinatenga mpaka 1943 kuti mavutowa akonzedwe. Ndiye mukaponya bwinobwino n'kungomva "gu" popanda moto, musatukwane kompyuta, ndi mmene zinalili.

Silent Hunter 5 inatuluka mu 2010. Ndi yokongola, mumayenda m'kati mwa sitima yonse n'kumalankhula ndi anthu anu. Koma inatuluka ndi zolakwika zambiri, ndipo poyamba inkafuna intaneti nthawi zonse kuti useweretu. Lero pafupifupi aliyense amaisewera ndi mod yaikulu yotchedwa The Wolves of Steel. Kwa munthu watsopano, imeneyi ndingati ibwere pambuyo.

Kenako pali UBOAT, yopangidwa ndi Deep Water Studio a ku Poland. Inayamba kugulitsidwa isanathe mu 2019, n'kumalizidwa mu 2024. Iyi imaika mtima pa anthu. Muyenera kuona kuti adya, agona, ndani watopa, ndani wachita mantha mabomba akamaphulika, ndani akakonze pamene pakulowa madzi. Mukhoza kuiona sitima ngati yodulidwa pakati, zipinda zonse zikuoneka. Kwa amene munakulira pa magemu amakono, iyi ndi yosavuta kuizolowera, ndipo ma mod ake ali pa Steam Workshop, kungodina batani limodzi. Koma imafuna kompyuta ya mphamvu ndithu. Ka laputopu ka kusukulu kaja kakhoza kumangolira fani.

Ngati mukufuna za masiku a nyukiliya, pali Cold Waters ya Killerfish Games, ya mu 2017. Inatengera nzeru ku gemu yakale ya 1988 yotchedwa Red Storm Rising. Nkhondo yake ndi yongopeka, pakati pa NATO ndi Soviet Union, mu 1968 kapena 1984, ndiponso ina ya mu 2000 ku South China Sea. Apa sitima imatha kukhala pansi nthawi yonse, ndipo nkhani imakhala ya makutu. Womva mnzake poyamba ndi amene amapambana. Mukathamanga kwambiri pamadzi osaya, zopalasira zimapanga thovu laphokoso, mdani n'kukumvani. Ma torpedo ena mumawawongolera ndi waya atachoka kale. Nkhondo imodzi imatha msanga, ndiye ndi yabwino kwa munthu amene ali ndi ola limodzi lokha akaweruka.

Pali inanso ya mu 2005 yotchedwa Dangerous Waters, ya kampani ya Sonalysts. Imeneyo ndi sukulu, amwene. Mumakhala kutsogolo kwa screen ya sonar mukuwerenga timizere, n'kumawerengera kuti chimene mukumvacho chili kuti ndipo chikulowera kuti. Buku lake la malangizo ndi la masamba mazanamazana. Kwa okonda physics ndi paradaiso, koma siyoyambira.

Yomaliza ndi Wolfpack, yochokera ku Sweden, imene inayamba kugulitsidwa mu 2019. Iyi ndi ya pagulu. Sitima imodzi, anthu angapo, monga kaputeni, wa pachiwongolero, woyang'anira kumira, wa wailesi, ndi wa mapu. Aliyense amaona gawo lake lokha, ndiye popanda kulankhulana sitima imira ndithu. Kwa ife amene tinamwazikana, wina ku Johannesburg, wina ku Manchester, wina ku Lilongwe, ndi njira yabwino yochezera. Nthawinso sivuta kwenikweni, popeza Malawi ndi South Africa ali pa ola limodzi, ndipo Britain imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri kutengera nyengo. Chofunika ndi maikolofoni ndi intaneti yosadukaduka.

Ndiye muyambire iti? Maganizo anga ndi awa. Kompyuta ikakhala yakale kapena ndalama zikakhala zochepa, tengani Silent Hunter III, kapena 4 ngati simukufuna kulimbana ndi za screen. Kompyuta ikakhala yabwino ndipo mukufuna chinthu chooneka chamakono, tengani UBOAT. Nthawi ikakhala yochepa, Cold Waters. Mukakhala ndi anzanu odalirika, Wolfpack. Gulani imodzi basi. Pa Steam magemu amenewa amatsika mtengo kawirikawiri, makamaka chakumapeto kwa Juni ndi mu Disembala. Ndipo pali lamulo loti mukagula gemu, mukhoza kuibweza pasanathe masiku 14 ngati simunaisewere kupitirira maola awiri. Maola awiriwo muwagwiritse ntchito mwanzeru: onani ngati ikutseguka, ngati chithunzi sichikudukaduka, ngati mukumva bwino mawu. Musayambe za ma mod m'maola amenewo.

Tsopano langizo limene ambiri salikonda: sabata ziwiri zoyamba sewerani gemu mmene inabwerera, popanda mod iliyonse. Chifukwa chake ndi cha pa ntchito yanga ya makompyuta. Kuti udziwe kuti chinthu chaonongeka, uyenera kudziwa kaye mmene chimagwirira ntchito chili bwino. Mukaika ma mod tsiku loyamba, gemu n'kutsekeka yokha, simudziwa ngati ndi gemu, mod, kapena kompyuta yanu. Komanso ma mod akuluakulu ambiri amaumitsa gemu, adani amamva msanga, amaona patali, ndipo munthu watsopano amangofa osadziwa chamupha.

Mu Silent Hunter III muli sukulu ya asilikali a pamadzi, ya maphunziro asanu. Imalizeni yonse. Kenako yambani ntchito mu 1939, chifukwa nthawi imeneyo sitima zambiri zamalonda zinkayenda zokha popanda ozilondera. Musayambire 1943. Pofika chaka chimenecho mayiko olimbana ndi Germany anali ndi radar yabwino, ndege zofika pakati pa nyanja, zida zodziwira kumene uthenga wa wailesi ukuchokera, ndiponso akatswiri a ku Bletchley Park ankawerenga mauthenga achinsinsi a Enigma. Mu Meyi 1943 mokha Germany inataya ma U-boat oposa 40, mpaka mkulu wawo Karl Dönitz anachotsa sitima zake kumpoto kwa Atlantic kwa kanthawi. Gemu imatsanzira zimenezi, ndiye chaka chimene mwasankha ndi chimene chikuuzani kuti muvutika bwanji.

Pali tsamba losankhira kuti gemu ifanane bwanji ndi zenizeni. Anthu ena amadzitama ndi 100 peresenti, inu musatekeseke nazo. Tcherani kuti mafuta, mabatire ndi mpweya zizitha, chifukwa zimenezo ndi zimene zimakuphunzitsani kuganiza ngati kaputeni. Koma siyani kamera yakunja, ndipo siyani kompyuta izikuwerengerani za torpedo poyamba. Mukazolowera kuyandikira sitima osaonedwa, ndiye muyambe kuwerengera nokha.

Kuwerengera kwake sikoopsa monga anthu amanenera. Ganizani za mpira: mukamapatsira mnzanu amene akuthamanga, mumaponya kutsogolo kwake kuti iye ndi mpira akumane. Torpedo ndi chimodzimodzi. Mufunika zinthu zitatu: liwiro la sitimayo, mtunda wake, ndi mmene yapendekera poyerekeza ndi pamene muli inu. Pa zitatuzi, liwiro ndi limene limaphonyetsa anthu kwambiri. Nayi njira yake. Chongani pa mapu pamene sitimayo ili, yambitsani wotchi, dikirani mphindi 3 ndi masekondi 15, chonganinso. Yezani mtunda wa pakati pa madontho awiriwo. Mukapeza mamita 700, ikuyenda ma knot 7. Mukapeza mamita 900, ndi ma knot 9. Zimatheka chifukwa knot imodzi ndi mamita 1,852 pa ola, ndipo mu mphindi 3 ndi masekondi 15 imakwana pafupifupi mamita 100. Mukadziwa liwiro ndi njira yake, thamangani pamwamba pa madzi muli patali, mukafike kutsogolo kwake, mirani, muidikire ibwere yokha. Yesetsani kuti idutse mopingasa kutsogolo kwanu, pa mtunda wa pakati pa mamita 500 ndi 1,000. Musayandikire mopitirira, chifukwa torpedo imafunika kuyenda kamtunda kaye isanakhale yokonzeka kuphulika. Tsiku limene mudzagunde sitima ndi masamu anu, mudzamvetsa chifukwa chake anthu akuseweretu gemu ya 2005 mpaka lero.

Chabwino, tifike pa ma mod. Mod ndi mafayilo opangidwa ndi osewera anzathu, amene amalowa m'malo mwa mafayilo ena a gemu. Ena amasintha kaonekedwe ka madzi ndi thambo, ena mawu, ena nzeru za adani, ena amawonjezera sitima ndi madoko. Alipo ang'onoang'ono osintha chinthu chimodzi, ndipo alipo akuluakulu osintha pafupifupi chilichonse. Pa Silent Hunter III akuluakulu odziwika ndi GWX, NYGM ndi LSH3. Pa Silent Hunter 4 pali Trigger Maru Overhauled, Real Fleet Boat ndi Fall of the Rising Sun Ultimate. Pa Cold Waters pali DotMod ndi Epic Mod. Lamulo lalikulu ndi ili: mod yaikulu imakhala imodzi pa gemu imodzi. GWX ndi NYGM siziphatikizana, chifukwa zonse zimasintha mafayilo omwewo, iliyonse ndi nzeru zake. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikuuzani ndondomeko yake pa magemu a Silent Hunter, chifukwa ndi kumene kuli ntchito yamanja. Mvetserani mwatcheru, kapena muwerenge zolembedwazi mukakhala pa kompyuta.

Poyamba, malo oikapo gemu. Musaiike mu Program Files. Windows imateteza foda imeneyo, ndiye pulogalamu ikafuna kusintha fayilo m'menemo, nthawi zina Windows imakana, nthawi zina imakaika kope kwina mwakachetechete. Zotsatira zake, inu mukuona ngati mod yalowa pamene gemu ikuwerengabe zakale. Pangani foda yanuyanu, monga Games pa C kapena pa D. Steam imalola kupanga malo ena osungira magemu, ndiye muisunthire kumeneko.

Kachiwiri, tsegulani gemu kamodzi, muone kuti ikuyenda, muitseke. Kenako koperani foda yonse ya gemu muisunge pena, muilembe dzina loti mudzaizindikire kuti ndi yosakhudzidwa. Gemu zakalezi ndi zazing'ono, sizidya malo. Koperaninso foda ya ma save, imene imakhala mu Documents. Zinthu zikadzasokonekera, mudzangochotsa yoonongekayo n'kubwezera kope, mphindi zisanu nkhani yatha.

Kachitatu, pezani kapulogalamu kotchedwa JSGME. Mumakaika m'foda ya gemu, ndipo mukakatsegula kamapanga foda yotchedwa MODS. Mod iliyonse imakhala ndi foda yakeyake m'menemo. Mukailowetsa, JSGME imasunga kaye mafayilo oyambirira isanawasinthe, ndipo mukaichotsa imabwezera akale aja. Ikaona kuti mod yatsopano ikufuna kusintha fayilo imene mod ina inasintha kale, imakuchenjezani. Chenjezo limenelo muziliwerenga. Ndipo pochotsa, mumayambira imene munaika pomaliza kubwerera m'mbuyo, ngati mbale zosanjikiza.

Apa pali msampha umene umagwira pafupifupi aliyense. Ma mod amabwera atapanikizidwa mu zip, rar kapena 7z, ndipo mumawamasula ndi pulogalamu ngati 7-Zip. Nthawi zambiri pomasula mumapeza foda m'kati mwa foda ya dzina lomwelo. Mukaiika choncho, JSGME inena kuti mod yalowa, koma mu gemu simusintha kanthu. Muone kuti mukatsegula foda ya mod, pompo mukuona foda yotchedwa data. Ikakhala kuti data yabisala m'kati mwa foda ina, itulutseni.

Kachinayi, werengani kafayilo ka malangizo kamene kamabwera ndi mod, kaja kolembedwa readme. Safunsa anadya phula. M'menemo ndi mmene wopanga amanena version imene ikufunika, ma mod amene imagwirizana nawo, ndi ndondomeko yoikira. Ma mod ena akuluakulu, monga GWX, amabwera ndi pulogalamu yawoyawo yoikira, ndipo amafuna gemu yoyera imene sinakhudzidwepo. Ena amasintha fayilo yeniyeni yotsegulira gemu, ija yothera ndi exe, ndipo fayilo imeneyo imasiyana pakati pa gemu ya pa Steam ndi ya pa chimbale. Ndiye muone ngati malangizo akunena za mtundu umene muli nawo.

Kachisanu, nkhani ya memory. Magemu akale amenewa ndi a 32-bit, ndipo mwachibadwa pulogalamu yotere imangogwiritsa ntchito 2 GB ya RAM, ngakhale kompyuta yanu itakhala ndi 16 kapena 32. Mod yaikulu imabwera ndi zithunzi zolemera ndi sitima zambiri, ndiye gemu ikafika pa malire amenewo imangotsekeka, makamaka ikamatsegula ulendo kapena mukayandikira doko lodzaza sitima. Mankhwala ake ndi kachida kotchedwa 4GB patch, kamene kamauza Windows ya 64-bit kuti iilole gemu kufika pa 4 GB. Kamasintha fayilo ya exe ija, ndiye isungeni kaye kope.

Kachisanu ndi chimodzi, ikani mod imodzi, tsegulani gemu, yesani kaulendo kakafupi, kenako muike ina. Ndi ulesi womwe umatipangitsa kuika khumi nthawi imodzi, ndipo ulesi womwewo ndi umene umadzatitayitsa usiku wonse tikufufuza kuti yolakwa ndi iti. Lembani pa kapepala dzina la mod iliyonse ndi ndondomeko imene mwaikira.

Chomaliza pa ndondomekoyi, sinthani ma mod pokhapokha sitima yanu ili padoko, ulendo utatha. Save ya pakati pa nyanja imakumbukira sitima ndi zinthu zimene zinalipo nthawi imeneyo. Mukasintha mafayilo, save ija ifunafuna zinthu zimene kulibenso, ndipo ikhoza kukana kutseguka. Osewera akale a Silent Hunter III amalangizanso kuti muzisunga gemu muli pamwamba pa madzi, kutali ndi sitima zina, ndipo save iliyonse muziipatsa dzina latsopano.

Kwa a UBOAT zinthu n'zosavuta, koma musagone. Gemu imeneyi imalandirabe zosintha kuchokera kwa eni ake, ndipo ikasintha, mod yakale ikhoza kusiya kugwira ntchito. Musanadine batani, onani tsiku limene mod inakonzedwa komaliza ndi version imene inapangidwira. Gemu ikayamba misala pambuyo pa update, zimitsani ma mod onse, muziyatsa imodziimodzi.

Tsopano ndivale chipewa cha ntchito pang'ono. Ma mod enieni ndi aulere. Mukaona malo akukuuzani kuti mulipire, kapena muike kaye pulogalamu ina yothandizira kutsitsa, tsekani. Chimodzimodzi magemu obedwa aja. Ambiri a ife kompyuta imene timaseweretsa ndi yomweyo imene timatumizira ndalama kumudzi, ndi yomweyo ili ndi mapepala a visa ndi a sukulu. Pali mavairasi amene ntchito yawo ndi kuba ma password osungidwa mu browser, ndipo amakonda kubisala m'mafayilo a magemu aulere. Kupulumutsa ndalama ya gemu yotsika mtengo n'kutaya akaunti ya kubanki, ndi malonda oluza. Fayilo iliyonse ya exe imene mwatsitsa, ipimeni kaye pa VirusTotal. Zida zina zenizeni zosinthira gemu zimakayikiridwa ndi antivirus imodzi kapena ziwiri popanda chifukwa, koma zikakuwa zambiri, itayeni. Ndipo laputopu ya kuntchito musaikemo zimenezi, chonde. A IT timaona.

Ndisanatseke, pali nkhani imene sindingaidumphe. Mu magemu angapo amene ndatchulawa, mukusewera mbali ya Germany ya Hitler, ndipo sitima zimene mukumiza zinali zodzaza anthu wamba ogwira ntchito. Amalinyero a sitima zamalonda za Britain oposa 30,000 anafa pa nkhondo imeneyo. Mwa amuna pafupifupi 40,000 amene anagwira ntchito m'ma U-boat, atatu mwa anayi aliwonse sanabwerere kwawo. Ndipo nkhondoyi inafika kufupi ndi kwathu. Mu Okutobala 1942 ma U-boat anamiza sitima zambiri kufupi ndi Cape Town. Pa 28 Novembala chaka chomwecho, U-177 inamiza sitima ya Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal, anthu 858 anafa, ndipo opulumuka anatoledwa ndi sitima ya Apwitikizi yochokera ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Pa 12 Febuluwale 1944 sitima ya pansi pa madzi ya Japan inamiza Khedive Ismail, imene inkachokera ku Mombasa kupita ku Colombo, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa, ambiri mwa iwo asilikali a kum'mawa kwa Africa. Nyanja yomweyo ndi imene asilikali a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anawoloka popita ku Ceylon ndi ku Burma. Ena a inu agogo anu anakwera sitima zoterozo, usiku akugona akudziwa kuti pansi pa madzi pakhoza kukhala wina akuwerengera liwiro lawo.

Sindikunena kuti musasewere. Ine ndimasewera, ndipo magemu amenewa ndi amene achititsa anthu ambiri kuyamba kuwerenga mbiri imene kusukulu anangoidutsa. Ndikungoti muzidziwa chimene mukuyerekeza. Mukakumana ndi anthu pa intaneti amene chidwi chawo chachoka pa sitima n'kupita pa kutamanda ulamuliro wa Nazi, atalikireni, amenewo si anzanu. Ndipo ngati nkhani yosewera mbali ya Germany ikukuvutani mumtima, Silent Hunter 4 ndi Cold Waters zilipo.

Amene mukufuna kuona zenizeni, filimu ya Das Boot ya mu 1981, ya Wolfgang Petersen, imaonetsa bwino moyo wa m'kati mwa Type VII. Ndipo sitima zina zinasungidwa kuti anthu azikaona. Ku Germany kuli U-995 ku Laboe, kufupi ndi Kiel. Ku Chicago kuli U-505. Ku England kuli HMS Alliance ku Gosport, ndipo ku South Africa kuli SAS Assegaai ku Simon's Town. Mukalowa m'kati mwa imodzi n'kuona kuchepa kwa malo ogona, gemu mudzaisewera ndi maso ena.

Ntchito ya sabata ino ndi yochepa. Onani mphamvu ya kompyuta yanu, sankhani gemu imodzi, malizani maphunziro ake, yesani njira ija ya mphindi 3 ndi masekondi 15. Ma mod adikire mpaka mutasunga kope loyera. Amene muyese, tiuzeni mmene zayendera, ndipo amene mukufuna kupanga gulu la Wolfpack nenani, tikulumikizeni.